A Lefali ndi Ligi ya Ndemanga

Funsani aliyense amene anakhalapo mumsewu wathu, akuuzani kuti a Lefali sankatuluka m'nyumba popanda zinthu zitatu: wezulo m'khosi, khadi lachikasu m'thumba la malaya, ndi khadi lofiira m'thumba lakumbuyo la buluku. Mankhwala awo a shuga ankawaiwala, makiyi ankawaiwala, tsiku lina anaiwala mdzukulu wawo kometa, koma zitatuzi ayi. Mpira anasiya kuyimbira kalekale, mawondo atayamba kulira ngati chitseko cha bafa. Koma mukanena kuti anapuma pantchito, ankakuyang'anani ngati mwawatukwana.

"Ndinapuma liti? Ndinangosintha bwalo."

Bwalo latsopanolo tinali ifeyo. Kondakitala akapanikiza anthu m'minibasi, pyeee, khadi lachikasu. Galu akalowa m'sitolo mwiniwake asanalowe, ofusayidi. M'busa wina analalikira mpaka makanda kuyamba kulira ndi njala, a Lefali n'kuimirira kumbuyo, kuloza wotchi, kuliza wezulo katatu. Mpingo wonse unanyamuka m'busayo ali pakati pa vesi! Ngakhale akazi awo sankapulumuka, kungoti iwowo ndi okhawo amene anapeza mankhwala ake. Akaonetsedwa khadi lofiira ankangovula epuloni, kutenga mpando, kukakhala panja.

"Mwanditulutsa m'bwalo, ndiye muphike nokha."

Posakhalitsa a Lefali ankasuzumira pakhomo, mimba ikulira, n'kulengeza kuti komiti yakumana ndipo chilango chafafanizidwa.

Ntchito yawo inali yosoka nsapato ndi mipira. Ankakhala pakhonde la kasitolo kena, benchi lalitali patsogolo pawo, ndipo khonde limenelo linali pakati penipeni pa adani awiri. Kumanja kunali shopu ya bambo anga, amene ndi telala. Kumanzere kunali a Butchala, bambo wa mimba yake, wogulitsa nyama, amene akamayankhula monong'ona msewu wonse umamva.

Udani wawo unayambira pa mpira, ine ndisanabadwe. Bambo anga anali goloboyi wa timu ya kumtunda kwa msewu, a Butchala anali womwetsa zigoli wa timu ya kumunsi. Pa fainolo ina, palibe amene anali atagoletsa, ndipo pagolo panalibe ukonde. Kumapeto kwenikweni a Butchala anaumenya mpira ndi mphamvu zawo zonse. Mpira uja unadutsa pafupi ndi mtengo wa golo n'kukagwera m'tchire. Unadutsa mkati kapena kunja? Nthawi yomweyo wezulo inalira, mpira watha. Anthu anathamangira woyimbira, amene anali a Lefali athu omwewa, koma iwo anangopukuta thukuta n'kunena kuti wezulo yomaliza ikalira, woyimbira alibenso pakamwa. Ndipo sananenedi kanthu mpaka tsitsi linachita imvi. A Butchala ankati chinali chigoli, bambo anga ankati sichinali, ndipo chiyambire tsiku limenelo sanapatsanenso moni.

Tsopano ine ndili ndi tsamba langa pa intaneti, limene ndimalembapo za mumsewu mwathu: ngalande yatsekeka, nyale za pamsewu zafa, patsegulidwa saluni yatsopano. Pansi pa nkhani iliyonse pali malo oti anthu azithirapo ndemanga. Zinkayenda bwinobwino, mpaka tsiku limene bambo anga ndi a Butchala anaphunzira kulemba pafoni. Mtendere unalongedza katundu tsiku lomwelo.

Ndinalemba za ngalande. A Butchala anayamba, ndi zilembo zikuluzikulu zokhazokha: "NGALANDE IMENEYI YATSEKEKA NDI TINSANZA TA TELALA WINA WAKE AMENE SATHA KUGWIRA NGAKHALE MPIRA."

Bambo anga anayankha: "Nanga mafupa a ng'ombe ena amakataya kuti? Komanso sichinali chigoli."

Basi moto buu! A kumtunda mbali yawo, a kumunsi mbali yawo. Anti a ku saluni analowererapo, wokonza njinga analowererapo, mpaka anthu amene anasamuka kalekale anadzuka komwe ali n'kuyamba kutukwana. Anatukwanizana mphuno, anatukwanizana miyendo, anafika mpaka kwa amayi a eni ake. Za ngalande palibe anazitchulanso, ndipo ngalandeyo inapitiriza kununkha.

Mwina mukuti ndikanangowasiya akuluakuluwo azidyana okha. Ndikanawasiyadi, kukanakhala kuti a Butchala alibe mwana wamwamuna. Koma ali naye, wofatsa, wokonza mafiriji, wa mpata kumano, ndipo ine ndi iyeyo tinkafuna kukwatirana. Nditawauza bambo anga, makina osokera anaima.

"Ine kukhala m'chipinda chimodzi ndi munthu ameneyo? Ayambe wavomera kuti sichinali chigoli."

Kwa a Butchala nakonso mnzanga uja anakalandira yankho lomwelo, longotembenuza. Anayamba kuonda mwana wa eni ake, nyama ili mbwee pakhomo pawo, n'kumanena zopita kukagwira ntchito kutali. Ine sindionda, ndimakwiya. Ndinakwiya mpaka ndinadula lamba wa nsapato pomenya chidebe, n'chifukwa chake ndinakapezeka pa benchi la a Lefali.

"Ankolo, ndikutseka ndemanga zonse. Ndatopa."

"Ukutseka bwalo chifukwa osewera akumenyana?"

"Nanga ndichite chiyani?"

"Woyimbira wako ndani?"

"Palibe."

"Mapointi amawerenga ndani?"

"Mapointi a chiyani? Ndi ndemanga chabe."

Anaika nsapato yanga pansi, maso tong'o. "Mwana iwe! Wasonkhanitsa anthu pabwalo, mpira palibe, golo palibe, wezulo palibe, ndiye ukudabwa kuti akumenyana mateche? Munthu akalowa m'bwalo amafuna kupambana. Usamuletse kupambana, ungomusonyeza golo. Tulutsa foni yako!"

Malamulo onse anandiuza pomwepo, singano ili m'manja, ulusi uli pakamwa. Kutukwana, khadi lachikasu. Kutchula amayi a munthu, khadi lofiira, ndipo wolandira lofiira akhale sabata osalemba, pambali pa dzina lake pazioneka kabenchi. Zilembo zikuluzikulu ndi kufuula, ndipo kufuula ndi fawulo. Funso lenileni, pointi imodzi. Kupatsira mnzako amene akudziwa bwino nkhaniyo, monga kunena kuti apa tifunse a nesi, mapointi awiri. Koma lamulo limene ankalikonda kwambiri linali loti mpira umayamba waulandira usanaumenye.

"Usanamuyankhe mnzako, uyambe wanena zimene iye wanena, m'mawu ako, mpaka iyeyo avomere kuti eya, ndimatanthauza zimenezo. Mapointi atatu! Anthu ako aja amamenya mpira usanafike n'komwe, n'chifukwa chake amamenya miyendo ya anzawo."

"Nanga chikho?" ndinafunsa mongoseka.

Iwo sanaseke. Anagwira wezulo ija, yachitsulo, yosuluka m'mbali chifukwa cha milomo yawo. "Iyi. Amene adzalembe pamaso pa anthu onse kuti ndinalakwa, pa nkhani yeniyeni yomuwawa, ndidzamuveka ndi manja angawa."

Abale, ndinaona kuti zafika penipeni. Wezulo imeneyo akazi awo omwe sankaloledwa kuipukuta.

Zamakompyuta ndimazitha, ndiye ndinagundika mpaka aliyense wothira ndemanga anakhala ndi kabokosi ka mapointi pambali pa dzina lake. A Lefali anagula magalasi atsopano. M'mawa uliwonse ndinkawapititsira foni, iwo n'kumawerenga ndemanga imodziimodzi, wezulo ili pakamwa. Akapeza fawulo ankaliza wezulo yeniyeni, pakhonde pomwepo, ngakhale wolakwayo ali kutsidya kwa nyanja. Loweruka lililonse ankalemba ligi pa bolodi ndi choko n'kulikoleka pakhonde, ine n'kuiikanso patsamba.

Sindinaonepo anthu akupenga ngati mmene anapengera a mumsewu wathu! Anthu amene dzulo lake ankatukwanizana mphuno anayamba kulimbirana ulemu ngati katundu wotsika mtengo. Azibambo ankaima pa bolodi akuloza ndi zala, kukangana za mapointi ngati ndi ligi yeniyeni. Agogo ena amene sankadziwa n'komwe kuyatsa foni analamula mdzukulu wawo kuti awalembetse, ati sangafe ali pansi pa wokonza njinga.

Achinyengo nawonso sanachedwe. Anti a ku saluni atamva kuti funso lili ndi pointi, anakhuthula mafunso ngati mpunga. Kodi ngalande ndi chiyani? Kodi inayamba liti? Kodi madzi ake ndi onyowa? Pofika masana anali pamwamba pa ligi. A Lefali anawatsatira ku saluni komweko, n'kuwapeza akuluka munthu.

"Pyeee! Kutaya nthawi!"

"Koma ankolo, munati funso..."

"Funso limene mukufunadi yankho lake, mayi. Kuyambira lero pointi izibwera wina akakuyankhani, inu n'kuthokoza."

Wokonza njinga ndiye anafuna kudutsa chidule, kulunjika pa wezulo penipeni. Analemba kuti: "Abale anga, ndinalakwa. Ndimayesa lero ndi Lachitatu." A Lefali anatsala pang'ono kumeza wezulo.

"Kudzigwetsa! Palibe amene wakukhudza, ukugubuduzika chiyani? Lachikasu!"

Olandira khadi lofiira ankabwera kudzadandaula pakhonde, a Lefali n'kuwakhazika pa benchi lenileni, kuwapatsa burashi ndi polishi kuti manja asakhale chabe pamene akudikira chigamulo. Miyezi imeneyo nsapato za mumsewu mwathu zinkawala kuposa magalasi a galimoto.

Nanga akuluakulu awiri aja? Poyamba bambo anga anati zimenezo n'zachibwana, iwo sangachite nawo. Koma Loweruka lina anadutsa pa bolodi n'kuona kuti a Butchala ali pamwamba pawo ndi pointi imodzi, imene anaipeza mwangozi pofunsa kuti nesi amatsegula nthawi yanji. Anabwerera ku shopu nkhope ili gwa. Ndinawapeza magalasi ali pamphuno, akulemba ndi chala chimodzi, mapini ali pakamwa.

"Ngati ndamva bwino, achimwene a Butchala akunena kuti nsanza za ku shopu kwanga zimatseka ngalande mvula ikagwa." Anaima, n'kulavula mapini. "Achimwene! Ine kumutcha achimwene munthu ameneyu!"

"Mapointi atatu, bambo."

"Ndiye ndikufufuta ngati? Ndangonena."

A Butchala atawerenga anazindikira msanga kuti akavomera, mdani wawo akwera. Analemba kuti iwo sananene zimenezo. Wezulo inalira mpaka mpeni unawagwa m'manja. A Lefali anawadula mapointi chifukwa chokana zoonekeratu, kenako n'kukonza lamulo: wovomera kuti mnzake wamumva bwino, nayenso azilandira pointi. Pasanathe nthawi yaitali ndemanga inatulukira, ya zilembo zing'onozing'ono zaulemu: "Eya, ndi zimene ndinanena. Ndipo ngati ndamva bwino, a Telala akuti mafupa anga nawonso ali momwemo."

"Eya," anatero bambo anga, mano ali chikukutu.

Mukhulupirire, musakhulupirire, ngalande ija inatsegulidwa. Wina anafunsa funso lenileni, wina anapatsira kwa womanga nyumba, womangayo anafotokoza pomwe patsekeka, ndipo Loweruka lotsatira msewu wonse unatuluka ndi mafosholo. Tinavuula nsanza, tinavuula mafupa, ambulera ya anti a ku saluni, ndi mpira umodzi wakuphwa umene aliyense anauzindikira kusoka kwake. Tonse tinatembenukira kwa a Lefali.

"Ankolo, nanga uwu? Simunena kuti munalakwa?"

"Woyimbira salakwa. Unalowa wokha. Masewero apitirire!"

Ine ndinali kumwamba ndi chimwemwe. Ndinkati basi, ukwati uja wayandikira. Bambo anga ndi a Butchala anali akusinthana pamwamba pa ligi, uyu sabata ino, uyo sabata yamawa. Anafika pothokozana pa za nyale za pamsewu. Anafika pogwirizana kuti zinyalala zizitayidwa kuti. Koma munthu wina akangotchula chigoli chija, ulemu wonse unkathera pomwepo, onse awiri makhadi ofiira. Ndipo pokadandaula pa benchi ankapita mosiyana, wina m'mawa, wina masana, kuti matako awo asakumane pa thabwa limodzi. Moni wa pakamwa ndiye ayi ndithu. Wezulo inakhalabe m'khosi mwa mwini wake.

Kenako zinthu ziwiri zinagwa pamodzi. Mnzanga uja anaimbiridwa foni ndi kampani ina yakutali kuti ntchito ilipo, ayankhe msanga. Ndipo a Lefali anagwa pakhonde pawo, nsapato ya munthu ili m'manja.

Kuchipatala anakagonekedwa ndi wezulo yawo, chifukwa amene anayesa kuwavula analandira khadi. Anamwino anawazolowera. Wobaya jakisoni mopweteka, lachikasu. Dokotala wochedwa, lachikasu. Koma nditapita kukawaona masana ena, ndinapeza munthu watha. Mawu anali atachepa, ndipo wezulo akaiuzira inkangoti fyee, ngati mwanapiye. Akazi awo anali pampando pambali pa bedi.

"Ligi ikuyenda bwanji?"

"Ikuyenda, ankolo."

"Nanga iweyo?"

Ndinafuna kunama, koma misozi inandiyankhira. Ndinawauza zonse, kuti mnyamata uja akupita, kuti akuluakulu aja afika pothokozana pafoni koma sangapondane pakhomo, kuti ndatopa nacho chigoli chimene sindinachione n'komwe. Anayang'ana kudenga. Kenako anati nditulutse foni.

"Lemba m'dzina langa. Usasinthe liwu ngakhale limodzi."

Ndinalemba:

"Ine amene ndinayimbira fainolo ija ndikuti: sindinaone. Pamene mpira unkadutsa, maso anga anali kunja kwa bwalo, kwa mtsikana wina wogulitsa malalanje, amene lero ndi mkazi wanga. Nditatembenuka ndinapeza anthu akukuwa, ndiye ndinangoliza wezulo kuti ndibise manyazi. Ndinalakwa."

"Ankolo! Zoona zimenezi?"

"Woyimbira safunsidwa mafunso. Tumiza."

Akazi awo anatsokomola pang'ono n'kuyamba kukonza bulangete limene linali kale bwinobwino. Ndinatumiza.

Zimene zinachitika mumsewu ndinachita kuuzidwa, koma ondiuza anali ambiri moti ndimangoona ngati ndinalipo. Akuti bambo anga anatuluka m'shopu tepi yoyezera ili m'khosi, buluku la kasitomala lili m'manja. A Butchala anatuluka ndi epuloni ya magazi. Anakumana pakhonde la a Lefali, maso ndi maso, koyamba chiyambire unyamata wawo.

"Mwawerenga?"

"Ndawerenga!"

"Malalanje!"

"Malalanje, achimwene! Ine kuthyoka chala pogwera mpira umene uja, munthu akuyang'ana malalanje!"

"Nanga ine? Shoti yabwino kuposa zonse pamoyo wanga!"

"Inalidi shoti, zimenezo sindingakane."

"Inunso munauluka, a Telala. Munauluka ngati mphaka."

Anakwera minibasi imodzi, mpando umodzi, bambo anga atafinyidwa pawindo ndi mimba ya a Butchala, osadandaula. Ine anandipeza ndikadali m'chipinda cha odwala. Analowa ngati mvula yamkuntho, wina akayamba chiganizo mnzake n'kumalizitsa.

"Zaka zonsezi!"

"Ife kudana!"

"Inu muli phee!"

"Kumatipatsa makhadi!"

A Lefali anapisa dzanja pansi pa pilo pang'onopang'ono, n'kutulutsa khadi lachikasu. Analoza nalo mmodzi, kenako mnzake. "Kufuula m'chipatala. Khalani pansi."

Panali kabenchi kamodzi kokha ka alendo. Anakhala, mapewa atagundana, akupumira m'mwamba.

"Tsopano tamverani zotsatira," anatero a Lefali. "Lamulo linati woyamba kulemba kuti ndinalakwa atenga wezulo. Woyamba ndine. Ndapambana." Anavula wezulo ija movutikira, anaiyang'ana, n'kudzivekanso okha.

"Chinyengo!" anakuwa onse awiri pamodzi.

"Woyimbira sasewera nawo!" anatero a Butchala.

"Tikadandaula ku komiti!" anatero bambo anga.

"Komiti ndine. Dandaulo lakanidwa." Anapuma kaye, kenako anayang'ana bambo anga ndi kadiso kamodzi. "A Telala, paja munati simudzakhala m'chipinda chimodzi ndi munthu uyu. Muno ndi panja?"

Bambo anga anayang'ana makoma, anayang'ana denga, anayang'ana a Butchala. A Butchala ndiwo anayamba kuseka, mimba ikugwedezeka mpaka kabenchi kulira, bambo anga n'kutsatira, ine n'kutsatira ndi misozi yanga yomwe. Namwino anabwera kudzatitulutsa tonse, ndipo a Lefali anamubwereka khadi lofiira kuti achite mwadongosolo. Pobwerera, ndili pampando wakumbuyo, ndinamva a Butchala akufunsa bambo anga ngati angathe kusoka suti ya munthu wa mimba ngati yawo. Madzulo ake mnzanga uja anaimbira kampani ija kuti ipeze wina.

A Lefali ukwati wathu sanauone. Anatisiya patangopita masabata ochepa, m'mawa wina, wezulo ili pachifuwa. Pa maliro, bokosi kutsogolo ananyamula ndi bambo anga ndi a Butchala, akunong'onezana kuti winayo akupendeketsa. Ndinalira kwambiri, ndipo sindichita manyazi kunena. Munthu uja ndinkamukonda ngati bambo anga ena.

Maliro atatha ndinapita kukathandiza akazi awo kulongedza zida za pakhonde. Tikupinda zikopa, ndinati ndiwasangalatse pang'ono.

"Koma anti, malalanje anu aja anali okoma bwanji, mpaka munthu kuiwala fainolo?"

Anandiyang'ana, n'kuseka kaseko kotopa. "Mwana wanga, ine sindinagulitsepo malalanje chibadwire. Ndipo nthawi ya mpira umenewo n'kuti tisanadziwane n'komwe. Ndinkakhala kutali."

Ndinaika chikopa pansi. "Ndiye kuti..."

"Anaona. Anaona bwinobwino, anali pafupi ndi golo. Ankati akanena, mmodzi adzayenda chowerama moyo wake wonse, ndipo onse awiri anali anzake. Ankayesa kuti akakhala chete adzatopa okha. Sanatope. Ndiye tsiku lija ukulira paja, anaona kuti bola onse awiri akwiyire iyeyo."

Munthu amene moyo wake wonse ankati woyimbira salakwa! Munthu amene anakana ngakhale mpira wake womwe m'ngalande! Anadzipaka matope pamaso pa msewu wonse, kudzisandutsa woyimbira wakhungu wotengeka ndi atsikana, kuti ine ndikwatiwe. Ndinakhala pa benchi lija.

Koma ndine mwana wa bambo anga, ndiye sindikanatha kudziletsa. "Anti, nanga chinali chigoli?"

Anapisa m'thumba la epuloni, n'kutulutsa khadi lofiira lakale, lopindika m'makona. Anandionetsa. Ndinatseka pakamwa, ndipo sindinafunsenso.

Suti ya a Butchala bambo anga anaisoka, atakangana kaye za tepi, a Butchala akuti tepiyo ndi yabodza. Ukwati unachitika. Ligi ikadalipo, ndimayendetsa ndine, ndipo anthu akupitiriza kulandira mpira asanaumenye. Dzina la a Lefali ndinalisiya pamwamba, palibe amene analidandaula. Wina akatukwana, pamakhala kanthawi kena ka zii, ngati aliyense akudikira kuti pakhonde pamveke kanthu. Kenako wina amalemba kuti pyeee, enanso n'kutsatira, mpaka wolakwayo amapepesa yekha. Zimagwira ntchito, koma si chimodzimodzi. Makondakitala ayambiranso kupanikiza anthu. Agalu akulowa m'sitolo mmene akufunira. M'busa uja amalalikira mpaka pomwe wafunira, ndipo nthawi zina ndimamuona akuyang'ana kumbuyo kwa tchalitchi ngati akupempha kuti wina amuimitse.

Benchi lija likadali pakhonde, wezulo ili pa msomali pamwamba pake. Akaweruka, bambo anga ndi apongozi anga amakhala pomwepo, kumujeda mnzawo.

"Woyimbira wanji ameneyo."

"Wakhungu."

"Kutidanitsa chifukwa cha malalanje."

Kenako a Butchala amafwenthera m'mphuno, bambo anga n'kumapukuta magalasi amene alibe fumbi. Msewu wonse tsopano umatcha akazi a Lefali kuti Mayi a Malalanje, ndipo iwo amavomera ndi nkhope yowala. Masiku ena amatuluka ndi mbale, n'kuwaikira azibambo awiriwo pakati pa benchi malalanje osendasenda, ogula kumsika ngati wina aliyense.

"Idyani," amatero, akundiyang'ana ine ndi kadiso kamodzi. "Mumve chimene chinamusokoneza mnzanuyo."